Mitala ya Mpheta ndi Chigubu cha ku Limbuli

Akuti ndapuma pantchito, ine Lozina, akuti tsopano ndikhale pansi. Ndikhale pansi ine? Miyendo ikukana, manja akukana! Kuyambira m'mawa ndalemba mizere itatu, ndadzuka kukathamangitsa mbuzi m'nandolo, ndabwera, ndalemba mzere umodzi, ndamva njinga yamoto ikukhosomola kumsewu ndathamangira kukauza mwini wake kuti pulagi yatha. Koma lero ndilemba, ndilemba ndithu, Gilesi ndi Yona ana anga, kuti mudzawerengere zidzukulu zanga. Zilembo zanga zikuyenda chammbali ngati nkhanu, koma ndi zanga, musazikonze. Pali chinthu chimene ndinakubisirani inu, ndinabisira mabwana, ndinabisira galaja yonse ya esiteti ya tiyi zaka makumi awiri ndi zinayi. Nthawi yonse ija ine mayi wanu sindinkadziwa A, sindinkadziwa B.

1987: Tsache

Ndinayambira m'munda, dengu kumsana, kuthyola tiyi m'chiperoni mpaka zala kuuma gwa. Utabadwa iwe Yona msana unakana dengu, ndiye anandipatsa tsache kuti ndizisesa kugalaja. Kumeneko kunali mathirakitala, kunali malole onyamula masamba, koma pakona, pansi pa lona, panagona kanthu kena. Tsiku lina mphepo inanyamula lona uja. Mayo ine! Kagalimoto kofiira psuu, ka mipando iwiri yokha, kopanda denga, kafupi ngati kakufuna kununkhiza nthaka. Kanali ka bwana wamkulu, mzungu amene tinkamutchula kuti a Ndevu, ndipo kanali kakalekale, kochokera ku Mangalande ine ndisanamere mano. Ndinakatcha Mpheta, kambalame kofiira kaja, ndipo dzinalo linakhala.

Mkulu wa amakaniko anali a Bitoni, munthu wa ku Thuchila, wowonda, wosaseka Lolemba. Loweruka lililonse a Ndevu ankabwera ndi buku lalikulu la Mpheta, kumawerenga mokweza m'Chingerezi n'kumamasulira m'Chichewa chawo chothyokathyoka, a Bitoni akugwira sipanala. Ine tsache m'manja, kusesa malo amodzimodzi mpaka simenti kuwala, makutu tcheru. Chimene ndamva ndinkachiika m'nyimbo, chifukwa chinthu chikalowa m'nyimbo kwa ine sichituluka. Tsiku lina a Bitoni anasokoneza mawaya a mapulagi, injini ikungophulika phu! phu! ngati chimanga pamoto. Ine kumbuyo kwawo ndinangoyamba chapansipansi:

Woyamba aitana wachitatu,
wachitatu aitana wachinayi,
wachinayi adzutsa wachiwiri,
dzuka, waulesi, dzuka!

A Bitoni anatembenuka. “Iwe mai wa tsache, ukuimba chiyani?” Ndinati, “Ndikuimba mawaya anuwo, abambo, mwawakwatitsa kolakwika.” Anandiyang'ana, anayang'ana mawaya, anasintha awiri. Mpheta anayankha vruuu! A Ndevu anaseka mpaka kukhala pa tayala. Anandifunsa kuti ndazidziwa bwanji, ine poopa kunena kuti ndimabera ndi makutu, ndinaloza buku lija. “Ndinaona umo, bwana.” Bodza langa linabadwa tsiku limenelo, linabadwa ndi mano, ndipo ndinalilera ngati mwana.

1990: Payipi ndi mitala

Anandilanda tsache n'kundipatsa ovolosi. Masiku amenewo mkazi sankaloledwa kuvala buluku, ndiye ndinkavala ovolosi mkati, chitenje pamwamba, kulowa kunsi kwa galimoto ngati mtolo wa nkhuni. Anyamata a mathirakitala ankati, “Amuna anu akudya girizi kunyumba!” Ine ndinkati, “Eya, n'chifukwa chake sakulira khwekhwekhwe ngati inu.” Bambo anu malemu ankaseka nkhani imeneyi mpaka misozi.

Mvetserani ntchito ya Mpheta, mwina mdzukulu wina adzaifuna. Oyilo umamukhetsa injini ikadali yofunda, oyilo wozizira ndi waulesi, amasiya litsiro m'mbuyo. Sefa ya oyilo usinthe tsiku lomwelo. Mapulagi uwayang'ane kukamwa: akakhala a mtundu wa tiyi wamkaka ali bwino, akada bii galimoto ikumwa petulo mopitirira, akayera mbuu ikufa ndi njala. Mapointi, timilomo tiwiri timene timatseguka n'kutseka kuti moto upite kumapulagi, ndinkayeza mpata wake ndi kapepala ka paketi ya fodya wa a Bitoni. Matapeti, timiyendo timene timakankha mavalavu, uwakonze injini itazizira, ndipo akhale akunong'ona, asamakuwe koma asakhalenso chete, tapeti wachete ndi mfiti, akuwotcha valavu mwakachetechete.

Koma chimene chinandipatsa dzina ndi makabyuleta, aja amasakaniza petulo ndi mpweya. Mpheta anali nawo awiri, mmodzi kutsogolo mmodzi kumbuyo, onse kudyetsa injini imodzi. Ine ndinati iyi ndi mitala, akazi awiri mwamuna mmodzi. Ukamupatsa wamkulu mpweya wambiri wamng'ono amanyanyala, injini kumanjenjemera ngati ya malungo. Ndinkadula kapayipi kothirira maluwa, mbali ina pakhutu, mbali ina pakamwa pa kabyuleta. Wamkulu akuti tsiiii. Wamng'ono akuti tsuuu. Ndipotoze kasikuluwu pang'ono, ndimvetsere, ndipotozenso, ndibwezere, mpaka onse awiri aimbe tsiiii mawu amodzi, kenako kadontho ka oyilo pamutu pa aliyense ngati mafuta odzola, wina asati mnzanga wadzoledwa ine ayi. A Bitoni anayesa payipi ija kangapo, anati akungomva mphepo.

Nanga zolemba? Ha, ndinali ndi nzeru zanga! Khadi la ntchito likabwera, manja anga anali ndi girizi nthawi zonse: “Lembani inu, ndingadetse.” Dzina langa ndinaphunzira kulijambula ngati mmene ungajambulire nsomba. Zitini ndinkazidziwa ndi mtundu, oyilo wa injini chobiriwira, wa giya chachikasu. A Bitoni ankawerenga Chichewa bwinobwino koma Chingerezi chinkawapiringiza lilime, ndiye ankati, “Mai Lozina, taonani buku likuti chiyani.” Ine kutsegula, kupeza chithunzi, chala kuyenda pamizere ngati mphunzitsi, pakamwa kutulutsa zimene a Ndevu ananena zaka zapitazo. Mtima uli phaphapha, nkhope ili phee. Ndipo inu, ana anga, malipoti anu akusukulu aja ndinkawagwira nthawi yaitali n'kumati “hmm,” ndinkawerenga nkhope zanu, osati pepala. Gilesi, ukayamba kukanda khutu ndinkadziwa kuti masamu agwa.

1998: A Changu

A Ndevu anakalamba n'kubwerera kwawo. Pampando panakhala Mmalawi mnzathu, munthu wophunzira, wosachedwa kupsa mtima, amene mawu ake anali amodzi: “Changu! Changu!” Dzina linakhala lomwelo. Ankayenda akudya, ankalankhula akutuluka pakhomo. Iyeyu anagula Mpheta kwa a Ndevu, ndipo tinkadabwa, munthu wachangu chotere afuniranji nkhalamba ya galimoto? Anandiuza yekha tsiku lina ndikumanga fanibeliti. Bambo ake anali wantchito wapabwalo kunyumba ya a Ndevu, ankatsuka Mpheta m'mawa uliwonse, koma sanaikepo thako pampando ngakhale kamodzi. “Ndinagulira iwowo, Mai Lozina, koma akukana. Akuti ka azungu kangawalaule.” Chaka ndi chaka ankawanyengerera, chaka ndi chaka mkulu uja ankakana ali kwawo ku Thuchila.

Zipangizo za Mpheta zinali zitasowa m'dziko muno. Gasiketi ndinkadula pa katoni, payipi ya rediyeta ndinasema kuchokera ku ya lole, sipuling'i ya kabyuleta ndinachotsa ku ambulera yakutha. A Changu ankalolera zonsezo, koma chimodzi ankakana: oyilo wa mumgolo wa mathirakitala. “Mpheta samwa za mathirakitala. Chitini chobiriwira basi!”

2011: Chigubu

Chaka chimenecho aliyense akuchikumbukira, mizere ya galimoto pamalo omwetsera mafuta, petulo kusowa, dizilo kusowa, chitini chobiriwira nacho kusowa. Oyilo wa Mpheta anali atada ngati phula, wokhala chaka chathunthu. Ndiye Lachinayi lina a Changu analowa m'galaja akuthamanga, maso akuwala. “Avomera! Madala avomera! Loweruka ndikawatenga, tikwera mpaka kuphiri la Zomba. Changu, changu!” Lachisanu anatumiza dalaivala ku Limbuli, kumene katundu wa kutsidya amafikira panjinga, ndipo anabwera ndi chigubu chotuwa chojambulidwa injini, zolemba zake za Chipwitikizi.

Loweruka m'mawa a Changu anaima nacho chigubu pakati pa galaja. “Apa ndikuona pali mawu akuti motor, koma enawa andipita. Mai Lozina, inu bambo anu si a kutsidya kwa Muloza? Tawerengani.” N'zoona, bambo anga anachokera ku Milanje, ndipo Chipwitikizi chapakamwa ndinkachimvako, makamaka chokalipira. Koma chapapepala? Ndinalandira chigubu, anthu onse maso pa ine. Chala changa chinayenda pamizere monga mwa masiku onse. Ndinati, “Ndi womwewo, bwana. Oyilo wa injini, wabwino kwambiri.” A Changu anati abwera teni koloko, n'kutuluka.

Ndinakhetsa oyilo wakale, ndinasintha sefa, ndinatsegula chigubu. Pothira pomwe mtima unati dyo. Oyilo weniweni amatsika monyada ngati uchi, uyu ankathamanga chololo ngati tiyi wopanda shuga, ndipo fungo lake linali ndi ka palafini. Ndinadzitonthoza kuti mwina ndi mmene akupangira masiku ano. Ndinaliza injini. Poyamba bwinobwino. Itafunda, matapeti anayamba kukuwa tekete tekete, ndipo muvi wosonyeza mphamvu ya oyilo, umene ndinkadziwa kuti umaima chilili ngati wotchi ya masana, unayamba kugona, kugona, kugona. Ndinazimitsa msanga. Ndinazungulira galimoto katatu. Ndinatuluka panja, ndinalowa, ndinatenga tsache limene ndinalisiya kalekale n'kuyamba kusesa. Ndinkadziwa chinthu chimodzi: ndi madzi amenewa m'mimba, Mpheta akafika pachitunda adzagogoda kamodzi n'kufa, mkulu uja ali pampando. Ndikakhala chete anthu adzati yafa ndi ukalamba, ine ndidzatsala ndi ulemu wanga. Ndikanena, andifunsa kuti nanga munawerenga chiyani?

Ndinasankha njira ya amantha. Ndinatsegula chipewa cha disitilibyuta, ndinazula lota, kachala kakuda kamene kamagawira moto kumapulagi, ndinakamanga pansonga ya chitenje ngati ndalama ya kuchigayo. Popanda kameneko galimoto silira. Ndinati ikakana kulira a Changu apita pa pikapu, ine nditaya oyiloyu Lolemba popanda wondiona.

A Changu anafika atavala jekete, atanyamula chipewa chatsopano cha bambo awo. Kupotoza kiyi, rrr rrr rrr, zii. Kupotozanso, zii. Anatuluka nkhope itasintha. “A Bitoni! Dzulo munasintha mapointi ndinu?” A Bitoni anati, “Ndine, bwana,” n'kutsegula chipewa chija. Ndinawaona akusuzumira. Ndinawaona akuona kuti lota palibe. Anakweza maso, anayang'ana ine, anayang'ana mfundo ya pachitenje changa, kenako anatseka chipewa pang'onopang'ono ngati akufunditsa mwana. “Mwina ndi ine ndalakwitsa, bwana. Mundipatse nthawi.”

“Nthawi? Zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikudikira tsiku lalero! Mwakalamba a Bitoni, maso atha. Lolemba mudzatenge kalata yanu, muzikalima chinangwa!”

A Bitoni anangovula kapusi n'kuigwira pamimba. Sankadziwa chifukwa chimene ndachitira, koma anasenza mlanduwo. Ana anga, mfundo ija inayamba kundiwotcha m'chiuno ngati khala. Ndinaimasula ndi mano n'kuika lota pa boneti, kho.

“Ndazula ndine, bwana. Oyilo uja si wabwino, galimoto ikafera panjira.”

“Si wabwino bwanji? Mwawerenga nokha pamaso panga!”

“Sindinawerenge. Sinditha kuwerenga. Chipwitikizi ayi, Chingerezi ayi, Chichewa chomwe ayi. Sindinapondepo m'kalasi.”

Amene anayamba kulankhula ndi a Bitoni, mawu ang'onoang'ono. “Mai Lozina, nanga buku lija? Zaka zonsezi inu mumandiwerengera ine.” Ndinati, “Ndimaona zithunzi, abambo.” Anagwira kumutu. “Ndiye kuchokera pamene a Ndevu anapita, bukuli amawerenga ndani?” Ndinati, “Palibe.” Dalaivala wina anaphulika nako kuseka, a Changu anamuyang'ana kamodzi, kuseka kunabwerera kummero.

A Bitoni anatola chigubu, anachitalikitsa kumaso, anayamba kutchula chilembo ndi chilembo ngati mwana wa sitandade wani. “O-le-o. De. La-va-ge-mu.” Ine ndinalumpha. “Bwerezani!” Anabwereza. Mayo! Ndinamva bambo anga akukalipa pa nthawi ya chakudya, “Vayi lavara! Kasambe m'manja!” Ndinakuwa, “Lava! Kutsuka! Uyu ndi oyilo wotsukira m'mimba mwa injini, umailiza injini pang'ono ili chiimire n'kumutaya, sayenda naye pamsewu!” A Bitoni ali ndi maso opanda Chipwitikizi, ine ndili ndi Chipwitikizi chopanda maso, chigubu chinafuna tonse awiri, mitala ina imeneyo.

A Changu sanaseke. Anafunsa funso limodzi: “Injini yawonongeka?” Ndinati ayi, yangotsukidwa, koma ikufuna oyilo, ndipo oyilo amene alipo ndi wa mumgolo. Anatseka maso. “Mpheta amwe za mathirakitala. Changu.” Tinagwira awiri ndi a Bitoni, kukhetsa, kusintha sefa kachiwiri, kuthira, kubwezera lota. Muvi unaima chilili! Ku Zomba nthawi inali itatha, koma a Changu anakawatenga madala aja n'kuzungulira nawo mpaka pa Chinakanaka, ndipo madzulo anadutsa nawo pagalaja. Nkhalamba ili m'chipewa chatsopano, manja onse awiri atakakamira chitseko. Ndinagwada kuwalonjera. Anati, “Mwananga, kodi n'kameneka tinkakaopa? Munthu ukuyenda ngati wakhala pamphasa!”

Lolemba kalata sanalandire a Bitoni, ndinalandira ine. Anandiimitsa ntchito masabata awiri chifukwa cha bodza ndi kuzula lota, ndipo a Changu anandipatsa envelopu yomata. “Iyi musapatse munthu. Mukapatsa munthu ndidzadziwa.” Ndinati ndi chenjezo lomaliza, ndinaibisa m'chitini chobiriwira chakale, pamwamba pa kabati. Nditabwerera kuntchito anyamata ankandipatsa nyuzipepala chozondotsa, “Aphunzitsi, tatiwerengereni.” Zinkawawa, ndisaname. Inu munali kale kutauni, sindinakuuzeni.

2013: Envelopu

Ndinalowa sukulu ya kwacha kutchalitchi, masana aliwonse ndikaweruka, gogo wa zidzukulu pa benchi ndi pensulo. Kukhala pansi ola lathunthu kunandivuta kuposa kutsitsa giyabokosi. Zilembo nazo ndinaziika m'nyimbo: b mimba kutsogolo, d mimba kumbuyo, onse awiri ali ndi pakati! Aphunzitsi ankati ndikusokoneza kalasi, kenako kalasi yonse inkaimba. Envelopu ija ndinkaitsitsa, kuinunkhiza, kuibwezera. Zaka ziwiri! Ndinkaopa kuti mwina muli mawu akuti wabodza, ndipo sindinkafuna kuti amenewo akhale mawu oyamba munthu kundilembera.

M'mawa wina wa chiperoni ndinaing'amba ndili chiimire pakhonde. Inali yolemba pamanja, m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu. Ndinatenga nthawi yoti madzi angawire kawiri. Inati: “Mai Lozina, bodza lanu likanapha injini. Makutu anu aipulumutsa. Tsiku limene mwawerenga nokha mawu awa, bwerani mudzatenge kiyi. Changu.”

Ndinathamanga opanda nsapato! Ndinalowa mu ofesi osagogoda, ndinaima patsogolo pa tebulo, ndinaiwerenga mokweza kuyambira pamwamba mpaka pansi, alendo awiri a masuti ali pomwepo kukamwa yasa. A Changu anatsegula dilowa, anatulutsa kiyi, anati, “Zaka ziwiri, mai? Ine ndinalemba kuti changu.” Zaka zonse zija Mpheta ndinkangomusuntha m'galaja, kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono. Tsiku limenelo ndinatuluka naye pageti, a Bitoni pambali panga atagwira kapusi, akupemphera mokweza. Giya yachiwiri inalira khrrr, yachitatu inalowa ngati batala. Msewu wofiira pakati pa tiyi, phiri likusuzumira m'mitambo, mitala yanga iwiri ikuimba mawu amodzi, amayi anzanga a madengu akuimirira m'mizere, ine dzanja limodzi pa chiwongolero, lina pakamwa, lululululu! A Bitoni akuti, “Manja onse awiri, mai! Nthungululu ndiimba ine!”

Mpheta adakalipo, a Changu anapita naye atapuma, ndipo makabyuleta akayamba kukangana amanditumizirabe galimoto kudzanditenga ine ndi kapayipi kanga. Kalata ija ili m'chitini chomwechija, pamwamba pa kabati. Mukabwera pa Khirisimasi musaigwire, ndidzakuwerengerani ine, mokweza, mutakhala pansi nonse. Ndipo Gilesi, malipoti ako ndinasunga onse. Ndawawerenga sabata yatha. La sitandade sikisi lija unandiuza kuti nambala folo, pamene palembedwa fote. Ubwere utakonzeka.